Chitsime cha m'dambo chili ndi kalendala yake

Mwezi wa Sepitembala ukafika, madambo a kwa Kaluluma ku Kasungu sagona tulo. Kusanache anthu ali kale panjira, makheni m'manja, kukathirira nazale ya fodya dzuwa lisanakwere. Banja lililonse lili ndi kachitsime kake kokumba ndi khasu ndi fosholo m'mbali mwa dambo, ndipo palibe amene sadziwa kuti madzi a m'menemo sakhala chimodzimodzi chaka chonse. Mu Juni amakhala oyera ndi ozizira, ukaweramira n'kumaona mchenga wa pansi. Pofika Okutobala amakhala atatsika, atachita ndere, ndipo chidebe chikagunda pansi pamatuluka fungo longa la dzira lovunda. Mvula yoyamba ikangogwa, amasanduka ofiirira ngati thobwa la mawere.

Timangoti madzi asintha, ndipo si bodza. Koma mtunduwo ndi fungolo n'zizindikiro chabe. Chimene chasintha kwenikweni ndi eni madziwo, tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timasinthana ufumu m'chitsimemo pa tsiku, pa chaka, ngakhale pa m'badwo.

Eni madzi

Tinazolowera kunena kuti "tizilombo tosaoneka ndi maso". Mawuwo tinawamvera kusikelo ndi kuchipatala, motero amabwera ndi mantha. Ine ndikuti tizamoyo, chifukwa unyinji wake si adani athu. M'madzi a padziwe okwana mililita imodzi, amene sangadzaze n'kasupuni ka tiyi komwe, mumapezeka mabakiteriya pafupifupi 1 miliyoni, ndipo mavairasi amaposa pamenepo mwina kakhumi. Mwa onsewo, odwalitsa munthu ndi ochepa zedi.

Munthu woyamba kuona tizamoyoti anali Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu mumzinda wa Delft ku Netherlands. Mu 1674 anatunga madzi pa kanyanja kotchedwa Berkelse Mere, kufupi ndi kwawo. Chinamukopa n'chomwechi timachiona pa chitsime cha nazale: madziwo ankakhala oyera nyengo yozizira, koma kukatentha ankachita timitambo tobiriwira. Atawayang'ana ndi kagalasi kokuza zinthu kamene anasula yekha, anaona tinthu tamoyo tikuyendayenda. Sayansi yonse ya tizamoyo inayamba ndi munthu wofunsa chifukwa chake madzi amasintha ndi nyengo.

M'mudzi wa m'madziwu aliyense ali ndi ntchito. Ndere ndiye alimi: imapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa n'kutulutsa mpweya wa okosijeni. Ina mwa ndereyo, imene akatswiri amaitcha diatom, imavala kachigoba kolimba konga galasi. Ina, yotchedwa cyanobacteria, kwenikweni ndi mabakiteriya odziwa kulima. Ndiye pali owoletsa, amene amadya masamba ogwera m'madzi, ndowe ndi mitembo ya anzawo. Pali osaka, amene amameza mabakiteriyawo, nawonso n'kudyedwa ndi tinkhanu ting'onoting'ono, tinkhanuto n'kudyedwa ndi matemba. Mavairasi amalowa m'mabakiteriya n'kuwaphulitsa, zam'kati mwawo n'kusanduka chakudya cha ena.

Mfundo imodzi ndi imene imamasula zonse zotsatirazi. Mitundu yambiri imakhalamo kale m'madzimo kapena m'matope, yochepa, yogona, ikudikira nthawi yake. N'chimodzimodzi chisoso ndi bonongwe: palibe amafesa, mbewu zake zimangokhala m'nthaka, mvula ndi khasu n'zimene zimasankha chomera chaka chimenecho. M'madzi osankhawo ndi kutentha, kuwala, chakudya ndi mpweya. Ndipo poti bakiteriya imodzi imatha kugawikana pawiri m'maola ochepa, mtundu umene dzulo unali wosawerengeka mawa ukhoza kukhala mfumu.

Usana ndi usiku

Kusintha kwachangu kwambiri kumachitika m'tsiku limodzi. Masana ndere imadzaza madzi ndi okosijeni, moti padziwe lobiriwira cha m'ma 2 koloko mumaoneka tithovu tikumatirira pa udzu wa m'madzi. Dzuwa likalowa ndere imaleka kupanga mpweyawo koma siileka kupuma, ndipo mabakiteriya nawo sapumula. Usiku wonse onse akudyera m'nkhokwe imodzi popanda woikamo. Mbandakucha nkhokweyo imakhala itatsala pang'ono kutha.

Amene ali ndi damu la nsomba amazidziwa izi: makumba kuyandama m'mamawa, kukamwa yasa pamwamba pa madzi. Madzi otentha amasunganso mpweya wochepa kuposa ozizira, ndiye n'chifukwa chake nsomba zimafa kwambiri m'mamawa wa Okutobala ndi Novembala, makamaka mwini damu akachulutsa manyowa kapena madeya.

Mvula yoyamba

Chizimalupsa chikagwa pa nthaka youma, pamamveka kafungo kamene mwana aliyense wa ku Kasungu amakadziwa. Kafungoko n'ka mabakiteriya a m'nthaka otchedwa Streptomyces, amene amatulutsa mankhwala otchedwa geosmin. Mankhwala omwewa ndi amene amachititsa madzi ena ndi nsomba zina za m'damu kumveka dothi m'kamwa.

Pansi pa kafungoko pali chipwirikiti. Miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi ya chilimwe imasiya m'nthaka tizamoyo tambiri takufa, udzu wouma, phulusa la lupsa ndi ndowe za ng'ombe. Madzi akangofika, totsala tamoyo timadzuka m'maola ochepa n'kuyamba kudya mwaphuma, ndipo nayitirojeni wambiri amamasuka nthawi imodzi. Wasayansi wina, H. F. Birch, anafotokoza zimenezi mu 1958 akugwira ntchito ku Muguga m'dziko la Kenya, ndipo mpaka lero akatswiri amazitchula ndi dzina lake. Makolo athu ankazidziwa mwa njira yawo: chimanga chobzala ndi mvula yoyamba chimanyamuka ndi mphamvu kuposa chochedwa.

Vuto n'lakuti chonde chimenechi sichikhala m'munda chonse. Mvula yachiwiri ndi yachitatu imakokolola zonse kutsikira kudambo: dothi, phulusa, ndowe, ndi zonyansa za anthu amene anadzithandiza kutchire. Kwa milungu ingapo chitsime chosatetezedwa chimadzaza alendo, tizamoyo ta m'nthaka ndi ta m'matumbo timene kwawo si m'madzi. Ndere imachepa chifukwa matope atchinga dzuwa, owoletsa n'kuchuluka. Tambiri mwa tizamoyo ta m'matumbo timafa m'masiku kapena milungu yochepa, dzuwa likatiwomba ndi osaka akatimeza, koma mvula iliyonse imabweretsa tina. Apa m'pamene kutsegula m'mimba kumayambira m'midzi, ndipo anthu amanamizira mango kapena ndiwo zatsopano.

Dambo likamira

Pofika Januwale ndi Febuluwale dambo limakhala litakhuta. Madzi aima pamwamba pa dothi lakuda lija, ndipo pansi pake pamayamba kusinthana ufumu kumene ine ndimakuona kodabwitsa kuposa kwina konse, chifukwa kumatsata ndondomeko yosalumphika ngati ya maliro a mfumu.

Mpweya umalowa m'madzi pang'onopang'ono kwambiri kusiyana ndi m'nthaka youma. Choncho dothi likamira, mabakiteriya opuma okosijeni amamaliza wotsalayo m'tsiku limodzi kapena awiri. Akatero ufumu wawo watha. Amalowa m'malo ndi ena odziwa kupuma nayitireti, mchere womwe uja timagula m'thumba la CAN. Awa amausandutsa mpweya wa nayitirojeni, n'kuuluka kubwerera kumwamba. Mlimi amene chimanga chake chachita chikasu pamalo pojejemera madzi, chonsecho anathira feteleza wokwanira, ndalama zake zinadyedwa ndi gulu limeneli. Koma gulu lomweli ndi limene limatsuka madzi ochokera m'minda asanafike mumtsinje. Dambo losalimidwa ndi sefa, ndipo osefawo ndi amenewa.

Nayitireti akatha, amabwera opuma manganese, kenaka opuma chitsulo. Dothi lofiira la kumtunda n'lofiira chifukwa cha dzimbiri la chitsulo. Mabakiteriyawa amasungunula dzimbirilo, ndipo n'chifukwa chake ukakumba m'dambo umapeza dongo lotuwa lamawangamawanga, osati lofiira. Chitsulo chosungunukacho chimayenda ndi madzi, ndipo pamene madziwo akutulukira poyera n'kukumana ndi mpweya, gulu linanso limachibwezera kukhala dzimbiri. Ndili mwana ndinkaona pa kasupe wa kumunsi kwa dimba lathu tinthu tofiira tonga phala, pamwamba pake pali kachikopa konyezimira mitundu ya utawaleza. Ndinkayesa kuti wina wataya dizilo. Agogo anga aakazi anathyola kamtengo n'kundipatsa.

"Tabaya apo, mdzukulu wanga. Ukuona bwanji?"

"Kwasweka, agogo, ngati mbale."

"Eya. Akanakhala mafuta akanabwererana. Amenewo ndi madzi a nthaka, alibe mlandu."

Sankadziwa dzina la bakiteriya iliyonse, koma kuyesa kwawoko n'komwe akatswiri amaphunzitsa lero: kachikopa ka chitsulo kamasweka tizidutswa, ka mafuta kamalumikizananso.

Chitsulo chikachepa, ufumu umapita kwa opuma salifeti. Mpweya umene awa amatulutsa ndi uja wonunkha dzira lovunda, ndipo ukakumana ndi chitsulo umadetsa matope kukhala bii. Omaliza pa mzerewu si mabakiteriya n'komwe koma mtundu wina wakalekale wotchedwa archaea. Iwo amatulutsa mpweya wa methane, tithovu tija timabwibwita ukaponda m'thope la pa bango. Mpweya umenewu umayaka moto, ndipo ndi womwewo umene anthu amaphikira akamanga thanki la ndowe za ng'ombe.

Magulu onsewa amathanso kukhala pamodzi nthawi imodzi, koma mosanjikizana: opuma okosijeni pamwamba penipeni pa thope, malo opyapyala kwambiri, enawo motsatana kutsika pansi. Munthu akavundula chitsime ndi chidebe amasakaniza midzi isanu ndi umodzi imene inagawana malo mwamtendere.

Chisanu

Kuyambira Meyi mpaka Julayi zinthu zimadekha. Matope akhazikika, madzi akulowa m'chitsime kuchokera pansi atasefedwa ndi mchenga, kuzizira kwachepetsa liwiro la aliyense. Dzuwa limafika pansi, ndipo pa miyala ndi pa mapesi a bango pamamera kandere koterera kofiirira, kamene kambiri ndi diatom. Iyi ndi nyengo imene madzi a m'dambo amaoneka bwino koposa. Kuoneka bwino sikutanthauza kuti mulibe kachilombo. Madzi oyera mbee amatha kunyamula tayifodi.

Chilimwe ndi ndere yobiriwira

Ogasiti akapita, mitsinje ing'onoing'ono imaduka n'kusiya mathamanda. Madzi akuphwa, mchere ndi chonde zikuunjikana m'madzi ochepa, ng'ombe ndi mbuzi za mudzi wonse zikumwera pamodzimodzi n'kusiyapo ndowe. Kutentha, bata ndi chonde chambiri ndi zimene cyanobacteria amafuna. Ali ndi nzeru ziwiri zimene anzawo alibe. Ambiri ali ndi timatumba ta mpweya m'thupi, motero amayandama pamwamba n'kutchingira ena dzuwa. Ena amatha kutenga nayitirojeni wa mumlengalenga ngati mmene imachitira mizu ya mtedza ndi soya mothandizidwa ndi mabakiteriya ake, choncho anzawo akamafa ndi njala iwo ali mtima m'malo.

Si ndere yonse yobiriwira imene ili yoopsa. Ija yaulusi, imene ukaikweza ndi ndodo imalendewera ngati tsitsi, kawirikawiri ilibe poizoni. Yokayikitsa ndi ija yooneka ngati penti wobiriwira wothiridwa pamadzi, imene ndodo imangodutsamo osakola kanthu, ndipo mphepo imaikankhira kugombe limodzi. Mitundu ina ya imeneyi, monga Microcystis, imatulutsa poizoni wowononga chiwindi. Ina imagwira mitsempha, chiweto n'kufa pasanathe maola. Mu 2020 njovu zoposa 300 zinafa kumpoto kwa Botswana, kufupi ndi Okavango, ndipo boma la kumeneko linati zinamwa madzi a m'mathamanda okhala ndi poizoni wa cyanobacteria. Ife tili ndi nkhalango ya Kasungu pakhomo, kumene mu 2022 anabweretsako njovu 263 kuchokera ku Liwonde, ndipo ng'ombe zathu zimamwa m'mathamanda a mtundu womwewo.

Chofunika kuchidziwa mayi aliyense n'chakuti kuwiritsa kumapha tizilombo koma sikuchotsa poizoni ameneyu. Madzi ochita penti wobiriwira si omwa, si ophikira, si omwetsa ziweto. Kuthirira nazale ya fodya ndi nkhani ina, koma wothirirayo asambe m'manja ndi m'miyendo ndi madzi ena.

Zotsika kuchokera kumunda

Kuzungulira kwa nyengoku kwakhalapo kuyambira kale. Chimene chasintha m'nthawi ya makolo athu ndi ife ndi zimene zikutsikira m'dambo. Fodya wa mabalani anakhazikika m'chigwa chino makamaka boma litakhazikitsa bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndi maesiteti amene anatsegulidwa m'zaka za m'ma 1970. Kenaka m'zaka za m'ma 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, ndipo zigafa zinamera m'mudzi uliwonse. Balani imadya nkhuni, chigafa chimadya milimo ndi mapaso. Misuku, mitondo ndi mombo zimene zinkagwira nthaka kumtunda zinachepa.

Mtengo ukachoka, mvula siilowa pansi mofatsa. Imathamanga pamwamba itanyamula dothi. Dothilo limabwera ndi fosiforasi womatirira, wochokera ku D Compound ndi feteleza wa chimanga, pamene nayitirojeni wa CAN ndi urea amayenda wosungunuka. Fosiforasi sauluka ngati nayitirojeni. Amakhazikika m'thope n'kumaunjikana chaka ndi chaka, ndipo thope likasowa mpweya, mabakiteriya opuma chitsulo aja akasungunula dzimbiri limene linamugwira, amamasukiranso m'madzi. Choncho damu limene linalandira chonde zaka khumi limatha kumachitabe ndere yoipa ngakhale mutaleka kuthira feteleza kumtunda. Thope limasunga mangawa.

Sindikunena izi kuti ndinyoze fodya. Ambiri a ife anatilipirira sukulu ndi fodya, ndipo malata a nyumba zambiri za kwa Kaluluma, Chulu ndi Simlemba anachokera ku okushoni. Chimene chimandipweteka ndi kuona mizere ikulimidwa mpaka m'kamwa mwa mtsinje, udzu wa m'mbali wonse utatha, nazale itayalidwa pamwamba penipeni pa chitsime chimene ana amatungapo madzi akumwa, ndi botolo la mankhwala ophera tizilombo likutsukidwira pomwepo. Kandime ka udzu ndi bango kosiyidwa pakati pa munda ndi madzi kamagwira dothi, ndipo pansi pake osefa aja amapeza nthawi yogwira ntchito yawo. Kuchotsa kandimeko kuti upeze mizere inayi yowonjezera ndi malonda oluza.

Kumene Dwangwa amathera

Madzi a madambo a kumpoto kwa Kasungu amatsikira mu Dwangwa, mtsinje woyambira m'nkhalango ya Kasungu n'kukathira m'nyanja ya Malawi ku Nkhotakota. Nyanjayo nayo ili ndi kalendala yake, koma woyendetsa wake ndi mphepo. Mwera ukamawomba kuyambira Meyi mpaka cha mu Sepitembala, umavundula madzi, chonde cha pansi n'kukwera, makamaka kumwera kwa nyanja. Iyi ndi nyengo ya diatom, zimene n'zolemera ndipo zimafuna madzi oyenda kuti zisamire. Mwera ukaleka, madzi a pamwamba n'kutentha ndi kudekha, diatom zimamira ndipo cyanobacteria monga Anabaena amatenga malo chakumapeto kwa chaka. Ndere imadyetsa tinkhanu, tinkhanu timadyetsa usipa. Usipa wa pamsika wa Nkhamenya ndi ndere ya m'nyanja imene yadutsa m'mimba ziwiri.

Nyanjayi ndi yakuya pafupifupi mamita 700, koma kupitirira mamita 200 kapena 250 kutsika pansi mulibe okosijeni chaka chonse. Kumeneko kulibe chambo kapena kampango. Ndi dziko la magulu omwe aja a m'thope la dambo, opuma salifeti ndi opanga methane. Poti kulibe nyongolotsi zovundula, matope amagona mosanjikizana, ndipo zigoba za diatom siziwola. Akatswiri amawerenga matopewo ngati buku. Mu 2005 gulu la asayansi linaboola pansi pa nyanja n'kutulutsa matope a zaka zoposa 1 miliyoni. Anaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, madzi n'kutsika ndi mamita mazanamazana, ndipo mitundu ya diatom ya madzi akuya inalowedwa m'malo ndi ya madzi osaya ndi amchere. Matope a pamwamba, a zaka za m'ma 1900, a kumwera kwa nyanja, akuonetsa kuchuluka kwa dothi lokokoloka ndi kwa mitundu yokonda chonde chambiri. Kudula mitengo kwa kumtunda kunalembedwa pansi pa nyanja.

Kodi zikasintha zimabwerera?

Nyanja ya Chilwa ndi imene yatiphunzitsa zambiri pa funso limeneli, chifukwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo imauma n'kudzazanso. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, n'kuphwanso kwambiri mu 2012 ndi 2018. Aphunzitsi a Yunivesite ya Malawi anailondola pa kuuma kwa 1968, ndipo zimene anapeza zinatuluka m'buku la 1979 lokonzedwa ndi Margaret Kalk ndi anzake. Madzi akamaphwa mchere umakwera, mitundu yambiri ya ndere imatha, n'kutsala cyanobacteria ochepa opirira mchere. Matemba, makumba ndi milamba zimafa kapena kuthawira m'mitsinje ndi m'madambo a m'mbali. Madzi akabwerera, tizamoyo togona m'thope louma timadzuka, tinkhanu timaswa kuchokera m'mazira amene anadikira m'dothi, ndipo nsomba zimachulukanso patapita zaka zingapo. Chimene chimapulumutsa Chilwa ndi madambo ake.

Ku America, pa nyanja ya Mendota m'chigawo cha Wisconsin, asayansi anatunga madzi maulendo 471 pa zaka 20 n'kuwerenga chibadwa cha mabakiteriya ake. Zotsatira zake zinatuluka mu 2025. Anapeza kuti mitundu yambiri imasintha ndi nyengo n'kubwerera pomwe inali chaka chikazungulira. Koma mu 2012, chaka chotentha ndi chouma, mitundu ina inasintha chibadwa, makamaka pa kadyedwe ka nayitirojeni, ndipo kusinthako kunakhalitsa zaka. Chaka chimodzi choipa chimatha kusiya chipsera. Ife amene taona chilala cha 2016 ndi cha 2024, ndi mvula yobwera mochedwa n'kugwa yonse pakamodzi, tili ndi chifukwa choganizira zimenezi tikayang'ana madamu athu, kuphatikizapo la Chitete limene limamwetsa tauni ya Kasungu.

Mlendo wotchedwa kolera

Kolera ya 2022 ndi 2023 inali yoopsa kuposa ina iliyonse m'mbiri ya dziko lino. Inayamba ku Machinga mu Malichi 2022, pambuyo pa namondwe Ana, ndipo m'malo mozilala nyengo ya chilimwe monga mwa kale, inapitirira mpaka kufika maboma onse. Anthu pafupifupi 59,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira.

Kachilombo kake, Vibrio cholerae, kamakonda madzi ofunda okhala ndi kamchere pang'ono, ndipo kamamatirira pa tinkhanu ting'onoting'ono ndi pa ndere. N'chifukwa chake Chilwa, ndi asodzi ake ogona m'zimbowera, amatchulidwa kawirikawiri kolera ikabuka. Kumtunda kuno kachilomboka si mwini mudzi. Kamabwera m'mimba mwa munthu, ndipo fodya amayendetsa anthu ambiri: matenanti, aganyu, ogula ndi ogulitsa a pamsewu wa M1. Kamalowa m'chitsime kudzera m'chimbudzi chokumbidwa pafupi, chimbudzi chogwa ndi mvula, kapena matewera ochapidwa pamphepete. Alangizi a zaumoyo akamati chimbudzi chitalikire mamita 30 kuchokera pachitsime ndipo chikhale kumunsi kwake, akupereka mpata woti nthaka ndi tizamoyo take tisefe madziwo asanafike pomwe timatunga.

Kumatirira pa tinkhanu kuja kuli ndi phindu lake. Rita Colwell ndi anzake anayesa m'midzi ya ku Matlab m'dziko la Bangladesh kusefa madzi ndi nsalu yakale yovala amayi, yopindidwa kanayi kapena kuposa. Zotsatira za mu 2003 zinaonetsa kuti kolera inatsika pafupifupi ndi theka. Nsalu singagwire bakiteriya payokha, koma imagwira tinkhanu ndi zinyalala zimene bakiteriyayo yakwera. Chitenje chakale cha thonje, choyera, chopindidwa kanayi, chochapidwa ndi kuyanikidwa padzuwa chikatha ntchito, chingathandize chimodzimodzi. Sichilowa m'malo mwa klorini kapena kuwiritsa. Chimangokonza njira, chifukwa klorini sagwira bwino m'madzi amatope.

Mtsuko wa m'nyumba

Dziwe lomaliza ndi limene lili kuseri kwa chitseko. Madzi a pamjigo wabwino amatuluka ndi tizamoyo tochepa, chifukwa achokera pansi pakuya pamene chakudya n'chosowa. Akangolowa m'ndowa kalendala yatsopano yayamba. Masamba amene mtsikana waika pamwamba kuti madzi asatayike panjira abweretsa awo. Zala zogwira mkamwa mwa ndowa potula zabweretsa awo. Kapu imene mwana wamwera n'kuibwezera mumtsuko yabweretsa awo. M'nyumba mofunda, pofika tsiku lachiwiri, mabakiteriya amakhala atachuluka kuposa mmene analili pamjigo.

Pisani dzanja mumtsuko umene watha madzi, mukhudze khoma lake la m'kati. Kuterera kumene mukumvako ndi mudzi wokhazikika, mabakiteriya amene adzimangira nyumba ya ulimbo. M'kati mwa ulimbowo klorini salowa msanga, ndipo madzi atsopano aliwonse amene mwathiramo amalandira mbewu kuchokera pakhomapo. Kutsukuluza kokha sikuchotsa. Pamafunika kukwecha ndi sopo kapena phulusa, kutsuka, ndi kuyanika padzuwa mtsukowo utapendekeka. Chigubu cha kukamwa kwakung'ono chimaposa ndowa yotsegula chifukwa dzanja ndi kapu sizilowamo, ngakhale kuti kuchikwecha n'kovuta. Timiyala toyera ndi madzi a sopo, n'kukhutchumula mwamphamvu, zimagwira ntchitoyo.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse limati madzi akumwa asapezeke ndi E. coli ngakhale imodzi m'mamililita 100. Pachitsime cha m'dambo muyezo umenewu n'ngovuta kuufikira mwezi uliwonse, koma miyezi yoopsa kwambiri timaidziwa: kuyambira mvula yoyamba mpaka dambo litayamba kuphwa, ndiponso kumapeto kwa chilimwe pamene mjigo wachepa madzi ndipo anthu abwerera ku zitsime za nazale. M'miyezi imeneyo madzi amatope ayambe akhazikika, asefedwe ndi chitenje, kenaka athiridwe klorini wa kwa alangizi kapena WaterGuard pa mlingo wolembedwa, ndipo padutse mphindi 30 munthu asanamwe.